Mafuta ndi Chimbudzi Zitalikirane ndi Chitsime Chanu

Amayi, pa tsiku la sikelo mumamva kaŵirikaŵiri za phala la mwana, za katemera ndi za kulera. Phunziro lino ndi la madzi amene mumaphikira phalalo, makamaka madzi a pansi pa nthaka, amene timatunga pachitsime ndi pamjigo. Kuno kwa Chikweo, monganso kwa Ngokwe ndi m'midzi yonse yoyandikana ndi nyanja ya Chiuta, mabanja ambiri amadalira madzi ameneŵa, ndipo madziŵa ali ndi adani aŵiri. Woyamba mudamdziŵa kale: tizilombo tochokera m'chimbudzi. Wachiŵiri ndi mlendo amene wafika m'midzi mwathu pamodzi ndi njinga zamoto ndi zigayo, ndiye petulo, dizilo, palafini ndi oilo wakutha. Adani aŵiriŵa amadzera njira imodzi, koma sagonja ndi chida chimodzi. Mayi wosadziŵa kusiyana kwawo akhoza kumaŵiritsa madzi tsiku ndi tsiku mosalephera, koma n'kumamwetsabe mwana wake zomuononga.

Madzi a pansi amayenda

Anthu ambiri amayesa kuti pansi pa nthaka pali dziŵe lalikulu limene chitsime chimaboola. Sizili choncho. Kumbukirani mmene mumafukulira mchenga mumtsinje wouma m'mwezi wa Okutobala: mukakumba pang'ono, madzi amayamba kuchucha m'mbali mpaka kadzenje kaja kadzaza. Madziwo anali m'timipata ta pakati pa mchenga. Ndi mmene alili madzi a m'zitsime zathu. Mvula ikagwa, ina imathamangira kumtsinje, ina imaloŵa pansi ndi kudzaza timipata timeneti, ndipo kuchokera apo madziwo amayenda pang'onopang'ono kuchoka kumtunda kunka kunsi, kulinga kudambo ndi kunyanja. M'dongo amayenda mwaulesi kwambiri, koma mumchenga amafulumirako. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. A pansi nawonso ali ndi makwaŵa awo ngakhale sitiwaona, ndipo chimene tataya kumtunda kwa chitsime chimatsata njira yomweyo.

Dziko lozungulira nyanja za Chiuta ndi Chilwa ndi lachidikha, m'malo ambiri ndi lamchenga, ndipo madzi ali pafupi. Umenewu ndi mwayi, pakuti chitsime sichivuta kukumba ndipo mpunga umachita bwino. Koma pali vuto lake. Dothi la pakati pa bwalo la nyumba ndi madzi a pansi ndilo sefa yathu, ndipo sefa imeneyi kuno ndi yopyapyala. Dzinja likafika madzi a pansi amakwera, mwina mpaka kukumana ndi pansi pa dzenje la chimbudzi, ndipo pamenepo sefa palibenso.

Mjigo umaposa chitsime chosazama chifukwa umakoka madzi akuya, ndiponso paipi yake imamatidwa ndi simenti kumtunda. Komabe simenti ya pamjigo ikang'aluka, kapena madzi otayika akamadikha pambali pake, zonyansa zimatsetsereka m'mbali mwa paipi mpaka kukafika kumene mjigowo umatunga.

Mafuta amasungidwa kuti?

Dziko lathu silikumba mafuta. Onse amachokera kunja: ena pa galimoto kuchokera ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ena pa sitima kuchokera ku Nacala, kudzera pa Nayuchi m'boma lathu lomwe lino la Machinga, pa njanji imene idatsegulidwa mu 1970. Bungwe la boma la NOCMA lili ndi nkhokwe zazikulu ku Matindi ku Blantyre, ku Kanengo ku Lilongwe ndi ku Sonda ku Mzuzu, zotha kusunga malita 60 miliyoni zonse pamodzi. Malo omwetsera galimoto, monga a ku Liwonde ndi ku Balaka, amasunga mafuta m'matanki okwiriridwa pansi. Lamulo limafuna kuti aliyense wochita malonda a mafuta akhale ndi chiphaso chochokera ku bungwe la MERA, ndipo chifukwa chake n'chomveka: thanki yachitsulo imachita dzimbiri, mapaipi amamasuka, ndipo kudontha kwa pansi sikuoneka. Ngakhale ku America, dziko lolemera, boma lidaŵerenga malo oposa 500,000 amene matanki okwiriridwa adadontha kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Koma nkhokwe zazikuluzo zili kutali ndi chitsime chanu. Nkhokwe zimene zili pafupi nacho ndi zigubu, migolo ndi mabotolo.

Mafuta adasoŵa m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, adasoŵanso mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024. Nthaŵi zoterozo anthu amagula ochuluka ndi kusunga kunyumba, ena kuti agwiritse ntchito, ena kuti agulitse. Njinga zamoto za kabaza zachuluka, malire a Mozambique ali pafupi, motero botolo la petulo loikidwa pa kabenchi m'mbali mwa msewu silidabwitsanso munthu. Poyendera midzi timapeza zigubu zitaikidwa kuseri kwa nyumba, m'khitchini, kapena pa dothi pansi pa mtengo. Pothira mafuta kuchoka m'chigubu kupita m'botolo ena amatayika, ndipo amatayikira pamalo amodzimodzi m'maŵa ndi madzulo, chaka chonse. Pachigayo dothi limada bii ndi dizilo ndi oilo. Anyamata amatsuka njinga zamoto pamjigo penipeni chifukwa madzi ali pomwepo, ndipo wokonza njinga amakhuthulira oilo wakutha m'ngalande.

Sitikunyoza kabaza. Ndiye amene amathamangira kuchipatala usiku ndi mayi woyembekezera, ndipo ndalama zake zimagula sopo ndi ndiwo m'mabanja ambiri, mwina ndi lanu lomwe. Chimene tikukana ndi malo amene mafutawo akusungidwa ndi kutayidwa.

Pali chizoloŵezi china chimene chiyenera kutha: kuthira oilo wakutha, dizilo kapena palafini m'chimbudzi pofuna kupha fungo ndi ntchentche. Wochita zimenezi wasonkhanitsa adani onse aŵiri m'dzenje limodzi, ndipo wawatsitsira pafupi ndi madzi ndi manja ake. Phulusa la kukhitchini ndi chivundikiro cha pabowo zimagwira ntchito yomweyo popanda kulipira kanthu.

Zimene mafuta amachita akaloŵa pansi

Mafuta akatayika pa dothi, ena amauluka ndi dzuŵa, ena amakakamira m'dothimo, koma otsala amatsika mpaka kukapeza madzi. Pakuti ndi opepuka, amayandama pamwamba pa madziwo monga mmene mafuta ophikira amayandamira pa msuzi. Madzi akamakwera m'dzinja ndi kutsika m'chilimwe, amapaka mafutawo m'dothi lonse la pakati, kotero kuti mvula ya chaka chilichonse imatsukako ena ndi kuwapereka ku madzi.

Choopsa kwambiri si mafuta oyandamawo, koma zimene zimasungunuka. M'petulo muli zinthu zambiri zosakanikirana, ndipo china mwa izo, chotchedwa benzene, chimasungunuka m'madzi osasiya mtundu uliwonse. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti benzene asapose galamu imodzi m'malita 100,000 a madzi akumwa. Tiyeni tiŵerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mwa magawo 100 a petulo, gawo limodzi lokha ndilo benzene. Ndiye kuti m'lita imodzi ya petulo muli benzene wokwana masupuni aang'ono aŵiri, wolemera pafupifupi magalamu 9. Atasungunuka yense m'madzi, angafikitse pa mlingo uja malita oposa 800,000, ndiko kuti zidebe za malita 20 zoposa 40,000. Sasungunuka yense ayi, pakuti wambiri amauluka asanafike pansi. Komabe chiŵerengerochi chikusonyeza kuti kadontho ka tsiku ndi tsiku si kanthu kakang'ono.

Zoterezi zidachitikadi. Ku Nigeria, m'dera la Ogoni kumene kumadutsa mapaipi a mafuta, bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidalengeza mu 2011 kuti anthu a ku Nisisioken Ogale ankamwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene woposa mlingo wa WHO kuŵirikiza ka 900, ndipo pamwamba pa madzi a pansi panali mafuta oyandama okhuthala masentimita 8. Kwathu kuno kulibe mapaipi otero. Koma nthaka ya ku Ogoni ndi ya kwa Chikweo zimamvera lamulo limodzi, ndipo chitsime cha banja limodzi sichilira paipi kuti chionongeke; mgolo umodzi wobooka ukwanira.

M'nthaka muli tizilombo tina tosayambitsa matenda timene timadya mafuta. N'chifukwa chake benzene safika kutali kwambiri ndi pamene mafuta adatayikira: kaŵirikaŵiri amatha pa mamita makumi angapo, mwina kufika 100. Koma tizilomboti timadya mochedwa, ntchito yake imatenga zaka, ndipo podya timamaliza mpweya wa m'madzimo. Mpweya ukatha, chitsulo cha m'dothi chimasungunuka, madzi amayamba kufiira akakhalitsa m'chidebe, amadetsa zovala, ndipo nthaŵi zina amanunkha ngati dzira loola. Madzi ofiira paokha si umboni wa mafuta, chifukwa mijigo yambiri ili ndi chitsulo mwachibadwa. Koma chitsime chimene chinali choyera chikasintha chotero pambuyo poti pafupi pabwera chigayo kapena wogulitsa mafuta, nenani.

Kodi madzi otere amamchita chiyani mwana? Akakhala ndi mafuta ambiri amachititsa mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza, ndipo posamba amayabwa khungu ndi kuŵaŵa m'maso. Akakhala ndi ochepa sabweretsa chizindikiro chilichonse lero kapena maŵa. Benzene amaononga pang'onopang'ono mafuta a m'mafupa, mmene thupi limapangira magazi, ndipo madokotala adatsimikiza kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Musachite mantha opitirira: mwana sadwala khansa chifukwa cha kapu imodzi. Choopsa ndi kumwa madziwo miyezi ndi zaka. Ndiponso mwana ndiye amalandira gawo lalikulu. Mwana wolemera makilogalamu 10 pa sikelo amamwa pafupifupi lita imodzi pa tsiku, pamene munthu wamkulu wa makilogalamu 60 amamwa malita aŵiri. Poyerekeza ndi kulemera kwa thupi, mwanayo wamwa katatu kuposa mayi ake. Kwa mayi woyembekezera, benzene amadutsa mpaka kwa mwana amene ali m'mimba.

Mdani wakale

Za tizilombo ta m'chimbudzi sitifunika kupita ku Nigeria kukafuna chitsanzo. Mu Malichi 2022, patapita masabata ochepa chichitikire namondwe wa Ana, wodwala kolera woyamba wa mliri uja adapezeka pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde. Mliriwo udafalikira m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika mu 2023 udadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Sikudakhalepo mliri wa kolera waukulu chotero m'Malaŵi. Asodzi a pa Chilwa okhala m'zimbowera amaidziŵa kolera kuyambira kale, ndipo mu 2016 adalandira katemera wakumwa chifukwa cha mliri wina.

Kolera, taifodi, kamwazi ndi kutsegula m'mimba kwa ana zonse zimachokera m'chimbudzi cha munthu ndi kuloŵa m'kamwa mwa wina. Chimbudzi cha khanda nachonso chili ndi tizilombo, choncho mateŵera asachapidwe pachitsime. Poyeza madzi, ife a zaumoyo timafuna tizilombo totchedwa E. coli, timene timakhala m'matumbo a anthu ndi ziŵeto. Tikatipeza, timadziŵa kuti chimbudzi kapena ndoŵe zafika m'madziwo. M'madzi akumwa, mu mamililita 100, amene ndi ngati theka la kapu, simuyenera kupezeka ngakhale kamodzi.

Tizilomboti sitikhalitsa m'nthaka. Timakodwa mumchenga ndipo timafa patapita masiku kapena masabata. Apa ndi pamene padachokera lamulo la mamita 30 pakati pa chimbudzi ndi chitsime, amene ndi masitepe ngati 40 a munthu wamkulu: cholinga n'chakuti tizilombo tifere m'njira. Chimbudzi chikhale kunsi kwa chitsime, osati kumtunda, ndipo pansi pa dzenje pasiyane ndi madzi a m'dzinja ndi mita imodzi ndi theka. Kumadera a kudambo, kumene dzenje limatuluka madzi musanakumbe kufika m'chiuno, mangani chimbudzi chokwezeka pa chulu chounjika. Khola la mbuzi ndi dzala nazonso zitalikire chimodzimodzi.

Katemera wa rota, amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012, ndi wa taifodi, amene adayamba mu 2023, amateteza mwana ku ena mwa matendaŵa. Onani m'buku la sikelo ngati mwana wanu adalandira. Koma katemera satchinga matenda onse a m'madzi, ndipo palibe katemera wa petulo.

Pamene adani aŵiriŵa amasiyana

Mvetsetsani apa, amayi, pakuti ndi pamene ambiri amasokonezeka.

Tizilombo sitioneka, sitinunkha ndipo tilibe kukoma. Madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi kolera. Koma tizilombo ndi tamoyo, choncho timafa. Mukaŵiritsa madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, tatha. Mukathira WaterGuard, kachitsekero kamodzi m'chidebe cha malita 20, ndi kudikira mphindi 30, tatha. Klorini amene amagaŵa alangizi a zaumoyo amachita chimodzimodzi mukatsata mlingo umene akuuzani. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasefa pa nsalu yoyera, chifukwa matope amafooketsa klorini.

Mafuta alibe moyo, choncho safa. Klorini sawachotsa. Nsalu siwagwira. Kuyengula oyandama pamwamba kumasiya osungunuka aja momwemo. Kuŵiritsa kumauluzira benzene mu nthunzi, ndipo nthunziyo mumaipuma inu ndi mwana amene ali kumsana m'khitchini yotseka, pamene dizilo ndi oilo zimatsalira mumphika. Palibe njira ya kunyumba yoyeretsera madzi a mafuta. Madzi otero musamwe, musaphikire, musasambitsire mwana ndipo musatsukire mbale.

Koma mafuta ali ndi kufooka kwawo: amadziulula. Mphuno ya munthu imamva petulo ndi dizilo m'madzi ngakhale atachepa kwambiri. Mukakayika, tengani botolo loyera limene simudakhalemo mafuta, thiranimo madziwo kufika pakati, tsekani, liikeni padzuŵa kanthaŵi, likhutchumuleni, ndipo mutsegule ndi kununkhiza. Musalaŵe. Fungo likamveka, musadzinyenge kuti mwina ndi mphuno yanu. Banja likazoloŵera fungo limaleka kulimva, choncho mlendo akadandaula za madzi anu, musakwiye naye.

Chizindikiro china ndi kadzimbiri konyezimira ngati utawaleza pamwamba pa madzi. M'madambo athu kotere kamapezekanso mwachibadwa, kochokera ku chitsulo cha m'dothi. Kuti musiyanitse, kakhudzeni ndi kamtengo. Kakasweka m'tizidutswa tokhala ndi m'mbali ngati galasi losweka, osalumikizananso, ndi ka chitsulo. Kakazungulira ndi kubwerera pamodzi msanga, ndi mafuta.

Chigubu chimene mudakhala mafuta

Nthaŵi zambiri mafuta safunika kudzera pansi pa nthaka kuti afike m'kapu ya mwana, amadzera m'chigubu. Chigubu chachikasu chimene dzulo chidanyamula petulo, lero chatumidwa kumjigo. Pulasitiki imamwa mafuta, ndipo ngakhale mutsuke ndi sopo, mchenga ndi madzi otentha, imapitiriza kuwabwezera m'madzi kwa nthaŵi yaitali. Chigubu cha mafuta chikhale cha mafuta mpaka chitatha. Chilembeni kapena chimangeni kansalu kofiira kuti mwana wotumidwa asasokoneze, ndipo pogula chigubu chakale kumsika, tsegulani ndi kununkhiza musanalipire. Mgolo wachitsulo wosungira madzi a mvula nawonso ufunseni kumene udachokera. Kumene kuli mipopi, dziŵani kuti petulo amatha kuloŵa m'mapaipi akuda a pulasitiki ngakhale asanabooke, ngati dothi lozungulira lanyowa ndi mafuta.

Madzi akumwa asungidwe mumtsuko kapena m'chidebe chovundikira, kutali ndi kumene kuli mafuta. Pakhale chikho chimodzi chotungira ndi china chomwera. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi konse, ngakhale kutenthe bwanji. Mkaka wa m'maŵere uli ndi madzi okwanira, ndipo umaliteteza kwa adani onse aŵiri.

Ngati mafuta amasungidwa pakhomo panu

Mwina wosunga mafutayo ndi bambo a kunyumba kwanu, mchimwene wanu kapena mwana wanu wamwamuna, ndipo si chapafupi kumuuza kuti asunthe katundu amene akudyetsa banja. Yambani ndi zimene sizimutayitsa ndalama. Mafuta akhale kunsi kwa chitsime ndipo atalikire koposa chimbudzi. Pa ntchito yanga ndimalangiza kuŵirikiza kaŵiri kapena katatu mamita 30 aja, pakuti mafuta safera m'njira msanga monga tizilombo. Zigubu zisakhale pa dothi kapena kukwiriridwa, koma pa simenti yokhala ndi kakhoma m'mbali, pansi pa denga, kutali ndi moto ndi kumene ana amagona. Pothira, pansi pakhale beseni lakale lolandira madontho. Mafuta akatayika musawakokolole ndi madzi, chifukwa kutero ndi kuwaperekeza pansi. Thiranipo mchenga wouma, fukulani dothi lonse lonyowa, ndipo mukaliyanike pa pepala la pulasitiki kutali ndi chitsime, dimba ndi ana. Oilo wakutha asungidwe m'chigubu chotseka, asathiridwe m'ngalande, m'dzala kapena pa zithaphwi pofuna kupha udzudzu.

Zokhudza mudzi wonse si za mayi mmodzi kulimbana nazo yekha. M'komiti ya mjigo muli amayi. Pemphani kuti komitiyo, pamodzi ndi amfumu, ikhazikitse lamulo loletsa kutsuka njinga zamoto ndi galimoto pamjigo, ndiponso kuti wofuna kumanga chigayo ayambe waonana ndi a zaumoyo asanasankhe malo. Kusuntha chigayo chisanamangidwe ndi nkhani ya kukambirana pansi pa mtengo. Chikamangidwa, imasanduka mlandu. Ndalama za komiti zisamangodikira kuti mjigo uthyoke. Zigulenso thumba la simenti lomatira ming'alu, ndipo ngalande ndi dzenje lomwera madzi zikonzedwe dzinja lisanafike.

Galimoto la mafuta likagwa kapena kudontha pamsewu, letsani ana ndi akulu omwe kuthamangirako ndi zidebe. Mu Novembala 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu adasonkhana kudzatapa petulo m'galimoto lochokera ku Beira kubwera kuno ku Malaŵi. Lidaphulika, ndipo anthu oposa 70 adafa.

Mwana akamwa palafini kapena petulo

Ngozi imeneyi imachitika chifukwa mafuta amagulitsidwa ndi kusungidwa m'mabotolo a zakumwa, ndipo palafini amaoneka ngati madzi. Mwana wa zaka ziŵiri sadziŵa kuŵerenga ndipo sanunkhiza. Akamva ludzu amangopendeketsa botolo. Ikani botolo la palafini pamwamba pamene sangafike, lotsekedwa bwino, ndipo koloboyi asasiyidwe pansi.

Zikachitika, musamsanzitse. Musamloŵetse chala kukhosi, musampatse madzi amchere, mkaka, mafuta ophikira kapena dzira laliŵisi. Palafini saopsa kwambiri m'mimba. Amaopsa akaloŵa m'mapapo, ndipo kusanza ndiko kumamtsegulira njira. Kadontho kochepa m'mapapo kamayambitsa chibayo. Mvuleni mwanayo zovala zonyowa ndi mafuta, msambitseni ndi sopo, mnyamuleni chokhala tsonga, ndipo pitani naye kuchipatala cha Chikweo kapena china chimene muli nacho pafupi nthaŵi yomweyo, mutatenga botololo. Pitani ngakhale akuoneka bwino, pakuti kutsokomola, kubanika ndi kutentha thupi zikhoza kuyamba patapita maola angapo.

Mwana wotsegula m'mimba ndiye wofunika kumwetsedwa kwambiri. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, mpatseni pang'onopang'ono nthaŵi iliyonse akatsegula, pitirizani kuyamwitsa, ndipo kalandireni mapiritsi a zinc kuchipatala. Akamatsegula zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, maso akaloŵa m'kati kapena akalephera kuyamwa, musadikire kuti kuche.

Chitsime chikanunkha mafuta

Lekani kutunga tsiku lomwelo ndipo chenjezani anzanu. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu ndi amfumu. Mlangiziyo adzatiuza ife a kuchipatala, ndipo nkhaniyo idzapita ku ofesi za zaumoyo ndi za madzi za boma la Machinga. Musayatse machesi kapena kutsitsa nyali m'chitsimemo, ndipo musatume mnyamata kuloŵamo kuti akachikape. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imadikha pansi, ndipo imakomola munthu asanakuwe.

Mudzatithandiza mukakumbukira tsiku limene fungo lidayamba, ngati lidadza mvula itagwa, ndi chimene chasintha pafupi ndi chitsimecho m'chaka chapitachi. Kuyeza tizilombo sikutenga masiku ambiri, ndipo chitsime chopezeka nato chimathiridwa klorini, kukonzedwa pakamwa ndi kutsegulidwanso. Kuyeza mafuta kumalira makina amene amapezeka m'malo oyezera a m'mizinda ikuluikulu, choncho yankho limachedwa. Ntchito yoyamba ndi kupeza gwero, kusuntha zigubu kapena mgolo ndi kuchotsa dothi lonyowa. Kukapa chitsime gwero likadalipo n'kutaya mphamvu pachabe, pakuti madzi obwera m'malo mwake amadzera m'dothi lomwelo. Ngakhale gwero litachotsedwa, fungo likhoza kutha m'chilimwe ndi kubweranso ndi mvula yoyamba, chifukwa cha mafuta aja opakika m'dothi. Motero chitsime chotere sichitsegulidwa mpaka chitapyola dzinja limodzi lathunthu chosanunkha ndipo a zaumoyo atachiona. M'miyezi imeneyo katungeni kumjigo wina wa kumtunda, ngakhale utalike, ndipo komiti ya mjigowo ikambirane ndi yanu za nthaŵi yotungira ndi za ndalama zosonkha, kuti pamjigo pasabuke mkangano.